Momwe oimba a ku Mangochi angadzutsirenso ntchito yawo madzi akaononga

Nyanja ya Malawi itakwera kwambiri mu 2024, malo ambiri ogona alendo ndi achisangalalo a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi analowa madzi, ndipo mchenga umene oimba ankamangapo nsanja unamira. Izi zinadza patangopita chaka chimodzi namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu asanaiwalenso mdima wa mu 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ngozi zotere zikagwa, chithandizo chimayamba ndi chakudya, pogona ndi mankhwala, ndipo n'koyenera kuti zizitero. Woimba, mwini zimkuzamawu ndi mwini malo achisangalalo amatsala kuti adzionere okha, choncho ayenera kudziwa poyambira.

Yambani ndi zida, chifukwa zambiri zimene madzi anazisiya zamoyo zimafera m'manja mwa eni ake. Ampu, mikisa kapena kiyibodi imene yanyowa musailumikize kumagetsi kuti muone ngati ikugwirabe ntchito, popeza chinyezi ndi matope otsalira mkati ndi zimene zimaotcha chida nthawi yomweyo. Itseguleni, muchotse matope mosamala ndi madzi oyera, muiumitse pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo, kenaka muipereke kwa mmisiri wa zamagetsi kuti aiyese iye asanaiyatse. Jenereta imene inamira isalizidwe musanakhetse oilo ndi mafuta onse amene analowa madzi. Gitala imafuna kuleza mtima koposa: masulani nsambo zake, ndipo musaiyanike padzuwa la ku Mangochi, chifukwa thabwa likauma mofulumira limapindika kapena kung'aluka, guluu n'kumatuka. Ng'oma yachikopa nayonso iume pang'onopang'ono, ndipo kuiwamba pamoto kudikire mpaka chikopa ndi mtengo zitaumiratu.

Nyimbo zojambulidwa zimaiwalika kawirikawiri pa nthawi yopulumutsa katundu, chonsecho ndi zimene sizingagulidwenso pamsika. Funsani aliyense amene munamutumizirapo nyimbo zanu, kuphatikizapo wojambula ndi aulutsi a pawailesi, kuti akubwezereni zimene ali nazo, ndipo muzisunge malo awiri, ena mwa iwo akhale pa intaneti. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani nyimbo ngati dokyumenti kuti ifike monga inajambulidwira.

Zida zikadziwika kuti zatsala zingati, itanani oimba anzanu a m'dera lanu, kaya ndi ku boma, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Namwera, ndipo mulembe m'kope zimene aliyense wataya ndi zimene ali nazo. Mutu umodzi susenza denga: gulu lina limakhala ndi masipika opanda ampu pamene lina lili ndi ampu yopanda masipika, ndipo awiriwa akabwerekana mwadongosolo angathe kuyamba ntchito mawa lomwe. Kubwerekana kumeneku kulembedwe, ndi mtengo wake womwe, chifukwa ubale wa oimba umatha msanga chida chobwereka chikapsa popanda pangano la amene adzalipire. Kope lomwelo ndi limene mungapite nalo ku bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi kapena ku ofesi ya bwanamkubwa, kumene nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi zimadzera, popeza pempho lokhala ndi mndandanda limamveka kuposa dandaulo lapakamwa.

Tsiku loyambiranso kuimba lisasankhidwe ndi oimba okha. Mudzi umene wangoika maliro sungalandire bwino phokoso la zimkuzamawu, ngakhale cholinga chitakhala chabwino, choncho kaonaneni ndi mfumu, mashehe ndi atsogoleri a mipingo kuti akuuzeni ngati nthawi yakwana. Ku Mangochi, kumene Asilamu ndi ambiri, n'kulakwitsa kuika phwando pa nthawi ya swala ya Lachisanu kapena kuliza zida masana pafupi ndi mzikiti m'mwezi wa Ramadan. Ngati mukufuna kukasangalatsa anthu amene akukhala kumisasa, pemphani chilolezo kwa komiti ya pamsasapo, mupite masana, ndipo musajambule nkhope za anthu ovutika kuti mudzitchukitse nazo pa Facebook.

Pa maganizo anga, cholakwika chachikulu ndi kuthamangira chikondwerero chachikulu. Anthu amakumbukira zaka zimene chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinkachitikira ku Nkopola, alendo n'kudzaza gombe lonse, ndipo amaganiza kuti kudzuka kwa nyimbo n'kubwerera kumeneko. Koma chikondwerero chotere chimafuna misewu yabwino, zipinda zogona zokonzedwa ndi ndalama zambiri zoyambira, pamene woimba akufunika kudya mwezi uno. Zimene zimabwerera msanga ndi maukwati, zinkhoswe, mapwando a kusukulu ndi kuimba kwa Loweruka madzulo pamalo ang'onoang'ono. Magule monga beni ndi manganje safuna magetsi kapena jenereta, ndipo gulu la gitala imodzi, ng'oma ndi mawu abwino lingaimbe pabwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo wa mango n'kutolera kangachepe. Ukwati umodzi umabala wina, chifukwa amene adzakulembeni ntchito mwezi wamawa amakhala ali pakati pa ovinawo.

Posankha malo, pewani gombe limene madzi angochokapo kumene, chifukwa nthaka yake imatitimira ndipo zimbudzi zake zimakhala zitagumuka. Boma la Mangochi linavutika kwambiri ndi kolera mu 2022 ndi 2023, choncho phwando lililonse likhale ndi chimbudzi chabwino, madzi othira klorini ndi posamba m'manja. Nthambo za magetsi zidutse m'mwamba kapena pouma. Mukamanga nsanja pafupi ndi nyanja m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, kumbukirani mwera, umene umagwetsa masipika oimikidwa pamitengo ndi kuzula matenti osakhomedwa bwino. Dziwitsaninso apolisi ndi khonsolo nthawi ikadalipo, ndipo mwini malo aonetsetse kuti chiphaso chake cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, chili m'malo.

Pa nkhani ya ndalama pamafunika kulimba mtima. Ngozi ikagwa, oimba ndi amene amapemphedwa koyamba kuti aimbe ulere pamapwando otolera chithandizo, ngakhale kuti ena mwa iwo nyumba zawo zinagwanso. Kuimba kamodzi kothandiza ena n'kwabwino, koma pangano linene poyera kuti mafuta a jenereta, thiransipoti ndi chakudya cha gulu zichokera kuti, komanso kuti ndalama zotsalazo zipita kwa yani. Ndalama za pakhomo zilandiridwe ndi anthu awiri, ndipo zolowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zilengezedwe pamodzi ndi zapamanja phwando lisanathe. Pa phwando lililonse lolipidwa, patulani gawo lina mulisunge ku banki m'khonde ya gulu, kuti muzigulira nsambo, nthambo ndi mabokosi apulasitiki otsekeka bwino osungiramo zida. Mvula yoyamba ikamayandikira mu Novembala, zidazo zikwezedwe pathandala kapena zisamutsidwe kupita kunyumba ya mnzanu yomwe ili kumtunda.