Tequila wokhalitsa sagugudiza

Mukapeza botolo la tequila, mowa waukali wa ku Mexico, lolembedwa añejo kapena extra añejo, chonde musamwe mogugudiza ndi mchere ndi ndimu. Añejo amakhala m'migolo ya mtengo wa oak kwa chaka mpaka zaka 3, extra añejo kuposa pamenepo, ndipo agave (chomera chopangira tequila) amene amalimidwa ku Jalisco, dera la ku Mexico, amatenga zaka pafupifupi 7 kuti akhwime. Zonsezi n'kungomeza kamodzi?

Thirani pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, osaika ayezi, ndipo mudikire mphindi zingapo. Nunkhizani mutayasama pang'ono kuti ukali wake usakuwotcheni m'mphuno. Kenako imwani kadontho, kayambe kakhala palilime. Mumva vanila, caramel, ndi kutsekemera kwa agave wophika, komwe ine ndimakukonda koposa.

Pogula, fufuzani mawu akuti "100% de agave". Akasowa, ndiye kuti anasakanizamo shuga wina.