Mukasankhidwa Kukhala Jaji pa Mpikisano wa Akatswiri Ojambula Nyumba

Katswiri amene wajambula mapulani kwa zaka zambiri akaitanidwa kukaweruza mpikisano, amadalira kwambiri diso lake. Koma diso limanamizika msanga, chifukwa chimene chimafika pa tebulo la majaji ndi zithunzi zimene mwini wake anasankha yekha, ndipo nyumbayo imakhala kutali kapena sinamangidwe n'komwe. Ndondomeko yonse yoweruzira ilipo kuti majaji adutse zithunzizo, adutsenso maina otchuka, afike pa nyumba yeniyeniyo.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa mpikisano umene mwaitanidwira. Wina ndi wa nyumba yosamangidwa, pamene mwini malo akufuna pulani yabwino koposa. Umo ndi mmene zinapezekera Sydney Opera House mu 1957 ndi Centre Pompidou ya ku Paris mu 1971. Wina ndi wa nyumba zomangidwa kale, monga Stirling Prize ya ku Britain imene inayamba mu 1996, kapena Aga Khan Award for Architecture imene inakhazikitsidwa mu 1977 ndipo imaperekedwa pa zaka zitatu zilizonse. Pa woyambawo mukuweruza lonjezo, ndiye funso lalikulu ndi lakuti kodi zingamangike, pa ndalama zingati. Pa wachiwiriwo umboni ulipo, ndipo ulesi wokha ndi umene ungakulepheretseni kuuona. Pritzker Prize, imene inayamba mu 1979, ili payokha: imalemekeza ntchito yonse ya munthu, ndipo zambiri za pansipa sizikuikhudza.

Gulu la majaji

Majaji akhale 5, 7 kapena 9, kuti voti isafanane. Akapitirira pamenepo zokambirana zimasanduka msonkhano wa anthu atatu olankhula ndi ena ongogwedeza mitu. Ambiri mwa iwo akhale odziwa kuwerenga mapulani. Malamulo a European Union a mipikisano ya boma amati ngati opikisana akufunika kukhala ndi ziyeneretso za ntchito inayake, majaji osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu akhale nazonso. Umenewo ndi mlingo wotsikitsitsa, ndi bwino kuupitirira. Pakhalenso injiniya, munthu mmodzi woimira amene amagwiritsa ntchito nyumba za mtundu umenewo, ndi jaji mmodzi wapadera amene amamvera zonse kuyambira tsiku loyamba kuti alowe m'malo wina akadwala. Wowerengera mitengo ya zomangira akhalepo ngati mlangizi wopanda voti.

Musanaone pulani iliyonse, jaji aliyense alembe ndi kusainira ngati ali ndi ubale ndi wopikisana wina: wachibale, mnzake wa bizinesi, amene anamulembapo ntchito posachedwa, kapena wophunzira wake amene akali m'kalasi. Woteroyo amatuluka m'chipinda ntchitoyo ikamakambidwa. Kungokhala chete ali momwemo sikuthandiza, chifukwa anzake amawerenga nkhope yake ndipo amachita manyazi kudzudzula.

Mfundo zoweruzira zilembedwe ndi kulengezedwa mpikisano usanatsegulidwe, zisapitirire zisanu kapena zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi kulemera kwake. Mwachitsanzo, pa malikisi 100 mungapereke 30 ku mmene nyumba ikugwirira ntchito imene inamangidwira, 20 ku mmene ikukhalira bwino ndi malo ake ndi nyengo, 20 ku kamangidwe ndi kulimba, 15 ku mtengo womangira ndi wosamalira, ndi 15 ku nzeru yatsopano ndi kukongola. Manambala akhoza kusiyana, koma akalengezedwa sasinthidwa. Cholakwa chofala n'chakuti majaji akakopeka ndi ntchito ina amayamba kupotoza mfundo kuti ziikomere, ndipo madandaulo a opikisana amachokera pomwepo.

Kusefa

Chitani masamu a nthawi kaye. Ntchito 300, iliyonse mphindi zitatu zokha, ndi maola 15, ndipo palibe jaji amene maso ake amakhalabe akuthwa atadutsa maola asanu ndi limodzi. Mpikisano wa Guggenheim Helsinki, wojambula nyumba yoonetseramo zaluso ku Finland, mu 2014 unalandira ntchito 1,715. Choncho gulu lina la akatswiri, lopanda voti, lidutsemo poyamba n'kulemba zoyezeka zokha: yafika pa nthawi yake kapena ayi, mapepala ndi okwanira, kukula kwa zipinda kukugwirizana ndi zimene zinapemphedwa, yadumpha malire a malo. Gulu limeneli lisanene kuti ntchito ndi yabwino kapena yoipa, ndipo kuchotsa ntchito mu mpikisano kusiyidwe m'manja mwa majaji.

Pa mpikisano wa nyumba yosamangidwa, maina abisidwe. Ntchito iliyonse imapatsidwa nambala, dzina limakhala mu envulopu yomata, ndipo pa mafayilo a pakompyuta pafufutidwe dzina la kampani limene limatsalira mkati mwa fayilo, chifukwa ambiri amaiwala pamenepo. Mu 1981 majaji asanu ndi atatu anasankha nambala 1026 pakati pa ntchito 1,421 za chikumbutso cha asilikali a ku America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam. Anatsegula envulopu n'kupeza Maya Lin, wophunzira wa zaka 21 wa pa yunivesite ya Yale. Zojambula zake zinali zosalongosoka poyerekeza ndi za makampani akuluakulu, ndipo chimene chinazinyamula ndi ganizo lake ndi tsamba la mawu limene analemba pamanja. Dzina likanaonekera, n'zokayikitsa kuti akanamuwerenga modekha chotero.

Musanayambe kupereka malikisi enieni, tengani ntchito zisanu mwachisawawa, aliyense aziweruze payekha, kenako muyerekeze. Pamenepo mumadziwa amene ali wouma dzanja ndi amene amamwaza malikisi. Mukapanda kutero, jaji amene amapereka pakati pa 1 ndi 10 amalamulira zotsatira kuposa mnzake amene sachoka pakati pa 6 ndi 8, ngakhale onse ali ndi voti imodzimodzi.

Kuzungulira koyamba kukhale kwa inde kapena ayi, aliyense payekha, mosalankhulana, ndipo voti imodzi ya inde ikhale yokwanira kuti ntchito ipitirire. Kwachiwiri pafunike mavoti a ambiri. Jaji aliyense akhale ndi ufulu wobweza ntchito imodzi yotayidwa, bola afotokoze chifukwa. Musayendere ntchito m'ndandanda umodzi nonse: ena ayambire kumapeto, chifukwa zoonedwa madzulo anthu atatopa zimaponderezedwa.

Chenjerani ndi avereji. Ntchito imene majaji asanu aipatsa 4, 3, 4, 3, 3 ndi ina imene aipatsa 5, 5, 5, 1, 1 zonse zili ndi 17 mukaphatikiza malikisiwo. Yoyambayo palibe amene yamusangalatsa kwenikweni. Yachiwiriyo ili ndi kanthu kamene kakopa atatu ndi kukwiyitsa awiri, ndipo imeneyo ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Malikisi agwiritseni ntchito posefa basi. Wopambana amapezeka pokambirana.

Kuwerenga mapulani

Apa ndi pamene ukatswiri wanu ukufunika, ndipo ndondomeko yoonera ndi yofunika kwambiri. Zithunzi zokongola zopangidwa pakompyuta muzione pomaliza, paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yambani ndi pulani ya malo, kawirikawiri ya sikelo ya 1:500 (sentimita imodzi pa pepala ikuimira mamita asanu pamalopo), ndipo pezani muvi woloza kumpoto. Kumwera kwa equator dzuwa limapendekera kumpoto nthawi yaitali ya chaka, ndipo kumpoto kwa equator limapendekera kumwera. Kulikonse, galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo lopanda chotchinga limatenthetsa chipinda masana onse, chifukwa dzuwa lopendeka limalowa pansi pa khonde. Onaninso kumene galasi likubwezera kuwala: mu 2013 khoma lagalasi lopindikira mkati la nyumba ya 20 Fenchurch Street ku London linasonkhanitsa dzuwa mpaka kusungunula mbali zina za galimoto yoimikidwa mumsewu.

Kenako tengani pulani ya zipinda, ya 1:200 kapena 1:100, n'kuyendamo ndi chala katatu. Ulendo woyamba ndinu mlendo amene sakudziwa khomo. Wachiwiri ndinu munthu wa pa njinga ya aulumali: chitseko chisiye mpata wa masentimita 80 mpaka 90, pokhotera pafunika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo njira yotsetsereka isapitirire 1:12, kutanthauza kuti kukwera mita imodzi kumafuna mamita 12 kutalika, osawerengera popumira. Opikisana ambiri amajambula kanjira ka mamita anayi pamalo ofunika 12. Ulendo wachitatu ndinu wotaya zinyalala kapena wobweretsa katundu, ndipo apa ndi pamene mapulani okongola amagwera, chifukwa khomo la kuseri, sitolo ndi chipinda cha makina zimaiwalika. Mukamaliza werengani masitepe othawira moto ndi mtunda wochoka pa chipinda chakutali kwambiri kukafika potulukira.

Chojambula chimene sichinama kwenikweni ndi section, chosonyeza nyumba ngati yadulidwa kuchokera kudenga mpaka ku maziko. Chimaonetsa kutalika kwa siling'i, kumene mpweya wotentha ukutulukira, kukhuthala kwa denga, ndi chimene chikulinyamula. Yerekezerani ndi chithunzi cha pakompyuta. Ngati pa chithunzi denga la konkire ndi lopyapyala ngati mbale, nsanamira ndi zoonda ngati bango, palibe ngalande ya madzi a mvula ndipo mitengo yonse ndi yaikulu kale, funsani injiniya kuti zenizeni zidzakula bwanji. Nthawi zambiri kukongola konse kunali m'kupyapyalako.

Za ndalama musazisiyire ena poganiza kuti jaji ndi wa luso lokha. Pulani ya Zaha Hadid ya bwalo lalikulu la masewero la ku Tokyo inapambana mu 2012, wapampando wa majaji ali Tadao Ando, koma boma la Japan linaitaya mu 2015 mtengo utafika pa mayeni 252 biliyoni, pamene poyamba anaika 130 biliyoni. Sydney Opera House ya Jørn Utzon, imene inasankhidwa pakati pa ntchito 233, inayerekezedwa pa madola a ku Australia 7 miliyoni n'kutha 102 miliyoni, ndipo inatsegulidwa mu 1973 Utzon atachokapo kale mu 1966. Palibe amene angafune kuti majaji a ku Sydney akanasankha ina. Komabe anasankha zojambula zimene kamangidwe ka denga lake kanali kasanadziwike, ndipo gulu lochita zotero liyenera kulemba zimenezo poyera mu lipoti lake kuti mwini ndalama alowemo maso ali gwa.

Pa mphoto za zipangizo, monga mipando ndi nyale, lamulo ndi lomwelo mwachidule: chinthucho chikhale pa tebulo, muchigwire, muchikhalire, muchitembenuze, muone ngati chingamasulidwe n'kukonzedwa.

Kukaona nyumba

Pa mphoto ya nyumba zomangidwa, ntchito zofika kumapeto ziyenderedwe. Majaji a Stirling Prize amayendera nyumba zisanu ndi imodzi zimene zasankhidwa. A Aga Khan Award amafuna kuti nyumba ikhale itagwiritsidwa ntchito kwa chaka chathunthu, ndipo amatumiza katswiri kukaiona ndi kulemba lipoti majaji asanagamule. Chaka chimenecho n'chofunika chifukwa nyumba imakhala itaona mvula, kutentha ndi kuzizira. Sukulu ya pulayimale ya ku Gando ku Burkina Faso, imene Francis Kéré anamaliza mu 2001 n'kulandira nayo mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndi ya njerwa za dothi, ndipo denga lake la malata linakwezedwa pamwamba pa siling'i kuti mpweya uzidutsa pakati. Ubwino wotero umamveka pakhungu munthu ataima m'kalasi masana, pa chithunzi suoneka.

Pitani awiri kapena kuposerapo, patsiku la ntchito, ndipo patulani maola awiri kapena atatu. Mulole wojambula nyumbayo akuyendetseni kwa theka la ola, kenako mumupemphe mwaulemu kuti akusiyeni. Funani wosamalira nyumbayo ndi oyeretsa, muwafunse pamene pamadontha, chimene chimawonongeka kawirikawiri, ndi mmene amatsukira mawindo a m'mwamba. Yang'anani madontho pa siling'i, chuku m'makona, ming'alu pamene zipangizo ziwiri zakumana, ndi mizere ya madzi pakhoma la kunja. Lowani m'chimbudzi, zungulirani kuseri. Zimene anthu awonjezera okha zimaulula zambiri: pepala lomatidwa pawindo ndiye kuti dzuwa likuthobwa m'maso, fani yogula padera ndiye kuti mukutentha, mivi yambiri yolembedwa pamanja ndiye kuti anthu akusochera. Pemphani mabilu a magetsi ndi madzi a miyezi 12 muyerekeze ndi zimene fomu yolowera mpikisano inalonjeza.

Chigamulo

Pa zokambirana zomaliza, wapampando ndi jaji wotchuka kwambiri alankhule pomaliza, chifukwa akayamba iwo ena amangovomereza. Ntchito iliyonse ipatsidwe jaji mmodzi woiyankhulira ndi wina woitsutsa, ngakhale wotsutsayo akuikonda. Voti ikhale yachinsinsi, ndipo ngati masiku alola, gonani kaye musanatsimikize. Gulu likagawanika pakati pa ntchito ziwiri zamphamvu pamakhala chiyeso chothawira ku yachitatu imene palibe akuida. Wapampando achikane chimenecho. Ngati m'gawo lina mulibe yoyenera, ndipo malamulo a mpikisano akulola, mphoto isaperekedwe.

Lipoti lilembedwe ndi kusainidwa ndi majaji onse maenvulopu asanatsegulidwe. Pa ntchito yopambana lembani mawu 150 mpaka 200 otchula zinthu zogwirika: khonde ili, khoma ili, chifukwa ichi. Mawu ngati "yochititsa chidwi" saphunzitsa aliyense. Tchulaninso zofooka zimene ziyenera kukonzedwa isanamangidwe, ndipo aliyense wofika kumapeto alandire ndime yake. Zimene jaji wakutiwakuti ananena m'chipinda zimatsala momwemo, mapepala a malikisi amasungidwa ndi mlembi mpaka nthawi ya madandaulo itatha, ndipo mafunso a atolankhani amayankha ndi wapampando yekha.