Zoyenera kuchita m'bale wanu akadzuka usiku akuti wapanikizidwa

Munthu amadzidzimuka pakati pa usiku, maso ali otsegula, chipinda akuchiona bwinobwino, koma mkono kapena mwendo sukuyenda. Pachifuwa akumva kulemera, mawu akukana kutuluka, ndipo akuona ngati pakhomo paima munthu. Kuno ku Mulanje ambiri amathamangira kunena kuti ndi mfiti. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 ankati ndi anamapopa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa mpaka bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mmene mwamuyankhira munthuyo akangodzuka ndi mmene nkhani idzayendere kukacha.

Choyamba dziwani zimene zikuchitika m'thupi. Tikamalota, ubongo umazimitsa minofu ya manja, miyendo ndi khosi kuti tisamachite zimene tikulota. Nthawi zina munthu amadzuka minofuyo isanamasulidwe, maloto asanathenso, ndiye zithunzi za malotowo zimaonekera m'chipinda chenicheni. Kupuma sikusiya, koma kumakhala kosazama, n'chifukwa chake chifuwa chimalemera. Zimatha pa masekondi ochepa kapena mphindi zingapo, ndipo pafupifupi anthu 8 pa 100 alionse zimawachitikira pa moyo wawo. Mbali ya ubongo yoona za mantha imakhala ili maso pa nthawiyi, ndipo ikasowa chifukwa cha mantha, imatenga chimene munthu wakhala akumva pamsika kapena pachitsime n'kuchipatsa nkhope.

Mukamumva akubuula, mugwireni paphewa, mumuitane dzina, muyatse tochi. Kukhudzidwa kumathandiza kuti thupi limasuke. Musamuseke kapena kunena kuti akunama, pakuti zimene wamva ndi zenizeni kwa iye, ndipo mukamunyoza adzakafotokozera wina amene angamukhulupirire n'kuwonjezerapo zake.

Pa kafunsidwe ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Funso loti "munaona ndani?" limakakamiza munthu kutchula dzina. Chikumbumtima cha munthu wamantha n'chofewa: mukangoti "kodi sanali agogo a kuseri kuja?", pofika m'mawa adzakhala akukumbukira nkhope ya agogowo ndi mtima wonse, ngakhale kuti usiku anangoona chithunzithunzi. Funsani za thupi: "Achimwene, munagona chagada kapena chammbali? Munagona nthawi yanji? Zinatenga nthawi yotalika bwanji?" Kumbukiraninso kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Mayankho a mafunsowa ndiwo amasonyeza chochita. Vutoli limakonda ogona chagada, osagona mokwanira, a nkhawa, ndi amene nthawi yawo yogona imasinthasintha, monga alonda ndi ogwira ntchito usiku m'mafakitale a tiyi. Azigona chammbali, maola 7 kapena 8, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo asiye tiyi wamphamvu ndi kachasu madzulo. Zikabweranso asalimbane ndi thupi lonse, chifukwa kulimbana kumakulitsa mantha. Ayese kugwedeza chala chimodzi kapena lilime, akupuma pang'onopang'ono.

Apa mpamene mphekesera zimadzidyetsa zokha. Mudzi ukachita mantha, anthu amachezera kulondera kapena kugona panja m'magulu. Tulo timachepa, opanikizidwa amachuluka, ndipo aliyense wa iwo amasanduka umboni. Anthu 40 amene anagona bwino usiku womwewo palibe amawawerenga. Amfumu ndi akuluakulu a mpingo akamva nkhani zotere, athandize anthu kubwerera kukagona m'nyumba zawo, ndipo asalole msonkhano wotchulana mayina.

Wina akadzuka ali wofooka, wa chizungulire, n'kumati wapopedwa magazi, mupititseni kuchipatala tsiku lomwelo. Kuyeza malungo ndi dontho la magazi a pachala kumatenga mphindi 15 mpaka 20, ndipo kuchepa kwa magazi kumayezedwanso. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi kusadya mokwanira zimachepetsadi magazi, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo. Ngati usiku anagwedezeka thupi lonse, analuma lilime kapena kudzikodzera, kumeneko si kupanikizidwa wamba. Akayezedwe khunyu, ndipo amene anaona zonse apite naye kuti akafotokozere adokotala.