Momwe mungasinthire babu la metal halide mosadzivulaza ndiponso mosataya ndalama

Mababu a metal halide amawalitsa mabwalo ena a zamasewero, malo omwetsera mafuta ndi nyumba zosungiramo katundu, koma ambiri amatayidwa akadali abwinobwino chifukwa wowasinthayo sadziwa zimene zimachitika mkati mwake.

M'kati mwa galasi lakunja la babuli muli kachubu ka quartz kapena ka ceramic, momwe anatsekeramo mpweya wa argon, kadontho ka mercury ndi michere ya zitsulo zophatikizidwa ndi ayodini. Magetsi akalumpha pakati pa nsonga ziwiri za tungsten, argon ndiye amayamba kuyaka mwachizimezime. Kutentha kukakwera, mercury imasanduka nthunzi, micherenso imatsatira, ndipo pakati penipeni pa lawilo chitsulo chimalekana ndi ayodini n'kutulutsa kuwala kwa mtundu wakewake: sodium kwachikasu, thallium kobiriwira, indium kwabuluu. Mitunduyi ikasakanikirana, maso athu amaona kuwala koyera. M'mphepete mwa kachubuko, momwe muli mozizirirako, chitsulo ndi ayodini zimagwirananso, n'kubwerera pakati kukayambiranso.

Choyamba, musanakwere makwerero, dikirani. Babuli limatenga mphindi ziwiri mpaka zisanu kuti liwale mokwanira, ndipo magetsi akaphethira ngakhale kamodzi kokha, limazima n'kukhala mphindi 5 mpaka 15 lisanayakenso, popeza nthunzi yotenthayo imakhala itapanikizana kwambiri moti magetsi sangalumphemo mpaka itazizira. Kwathu kuno, kumene magetsi amathimathima, anthu ambiri amanamizira babu kuti lapsa pomwe likungopuma.

Kenaka onani mtundu wa kuwala kwake. Babu lokalamba limafiirira kapena kubiriwira, kachubu kake kamada kumapeto, ndipo nthawi zina limangoyaka n'kuzima palokha. Loterolo lichotseni msanga, chifukwa kachubu kofooka kangathe kuphulika n'kumwaza zidutswa zotentha pafupifupi madigiri 1,000 a Celsius. Ngati silikuyaka n'komwe koma kachubu kake n'koyera, yesani babu lina lomwe mukudziwa kuti ndi labwino. Nalonso likakana, vuto lili pa balasti (chipangizo choletsa magetsi kulowa mopyola muyeso m'babu), pa ignitor (kachipangizo koponya mphamvu yoyatsira babu) kapena pa mawaya, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso.

Mukatsimikiza kuti vuto ndi babu, zimitsani magetsi pa bolodi lalikulu, osati pa switchi yokha, pakuti ignitor imaponya mphamvu yofika mavolti 4,000 kapena 5,000. Lolani kuti papite mphindi zosachepera 15 kuti zonse zizizire.

Pogula latsopano m'pamene ambiri amalakwitsa. Mababu a mawati 250 ndi a mawati 400 kawirikawiri amalowa m'holda imodzimodzi ya E40, koma kulowa sikutanthauza kuti n'loyenera, choncho werengani zolembedwa pa balasti ndipo mugule babu la mawati omwewo ndi la mtundu umene balastiyo inapangidwira. Onaninso pakatoni ngati babulo analipanga kuti liziyaka choimirira, chogona kapena mulimonse, chifukwa likaikidwa molakwika michere ija imasungunukira malo osayenera, kuwala kumasintha mtundu, ndipo babu silikhalitsa.

Poliika, ligwireni ndi nsalu yoyera kapena magolovesi, makamaka ngati ndi babu lalitali lolumikiza mbali zonse ziwiri, pakuti mafuta a m'zala amapserera pa quartz n'kuifooketsa; ngati mwaligwira kale, lipukuteni ndi sipiriti. Mangani bwino, kenaka tsekani galasi la nyaliyo ndi labala wake kuti mvula ndi tizilombo zisalowe. Babu limene galasi lake lakunja lasweka musaliyatse ngakhale likadayakabe, chifukwa kuwala kwa ultraviolet kumene galasilo limatchinga kumawotcha maso ndi khungu, ndipo ululu wake umayamba patapita maola angapo.

Mukayatsa, musadabwe kuona kuti mtundu wake ukusiyanako ndi wa anzake, popeza umakhazikika pakatha maola pafupifupi 100. Nyali zoyaka usana ndi usiku muzizizimitsa kwa mphindi 15 kamodzi pa sabata, kuti babu lofooka lingokana kuyakanso m'malo mophulika anthu ali pansi pake. Babu lakalelo libwezereni m'katoni ya latsopano ndi kulisunga posafika ana, ndipo musaliphwanye kapena kuliponya m'dzala lomwe mumatenthamo zinyalala, chifukwa nthunzi ya mercury ndi poizoni.