Momwe mungapangire komiki yanu ya munthu wosanduka kuno ku Joni

Abale angapo a ku Rosettenville ndi ku Yeoville akhala akundifunsa kuti kabuku kazithunzi kaja ndinakapanga bwanji, ndiye ndati ndingolemba pano kuti aliyense aone. Ine chinandiyambitsa ndi ana a achemwali anga obadwira konkuno, Hulk amamudziwa bwinobwino, uja anayamba kutuluka mu 1962, koma ukawauza za munthu wosanduka fisi usiku amangokuyang'ana kukamwa. Zinandiwawa ndithu. Nditaona komiki ya Loyiso Mkize yonena za Kwezi, ngwazi ya konkuno ku South Africa, ndinati nafenso tikhoza kupanga yathu m'Chichewa.

Choyamba yambani ndi mdani, ngwazi ibwere pambuyo. Mdani ndi amene amayambitsa moto, ndiye ngati kamberembere wanuyo alibe pulani yomveka nkhani imathera pa tsamba lachitatu. Wanga ndi bambo wa katapila wovala suti, amadikira anthu ongotsika kumene basi pa Park Station, kuwakongoza ndalama nkuwalanda pasipoti ngati chikole, kenako chithunzi cha mupasipotimo ndi chimene amabera nacho nkhope ya mwini wake. Lembani papepala kuti akufuna chani, wakonza zotani, ndipo ndi pati pamene akuoneka ngati wawina kale.

Chachiwiri, kusandukako kukhale ndi lamulo komanso kuzimulipitsa munthuyo. Izi ife sitifunika kuphunzitsidwa, tonse tinakula tikumva kuti mankhwala ali ndi zizimba ndi zoletsa zake. Mnyamata wa m'nkhani yanga amasanduka fisi magetsi akangozima, koma akabwerera pa umunthu amapezeka waiwala dzina la m'bale mmodzi wa kumudzi. Mphamvu yaulere siigwira mtima wa owerenga.

Zojambula mukudziwa kale, pensulo kaye kenako inki. Kungoti samalani ndi mapeni ojambulira aja amagulitsa m'misewu m'tauni, olembedwa dzina la kampani yotchuka koma mtengo wake wotsika modabwitsa, inki yake siuma msanga ndipo mukamafufuta pensulo nkhope yonse imada. Bola kugula awiri enieni mu shopu ya zolembera. Pochita sikani muwauze a pa shopu aike pa 300 dpi, umene ndi muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi, osavomera yotsika. Mawu ikani pa kompyuta ndi pulogalamu yojambulira ya Krita, ndi yaulere, kapena ibisPaint pa foni. Timabaluni ta mawu tikhale tatikulu chifukwa mawu athu ndi aatali, "sindidzakukhululukiraninso" yekha amadzadza baluni, komanso yesani kaye ngati font yanu ili ndi ŵ, zambiri zilibe.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse chifukwa ndi pomwe ndinapsa mtima sabata yathunthu. Kabuku kopinda pakati nkumenya stepula, pepala limodzi limapereka masamba anayi, ndiye masamba onse akuyenera kukhala 8, 12, 16, 20 choncho. Tsamba 1 limakhala kumanja, kutanthauza kuti 3, 5, 7 onse ali kumanja pamene 2, 4, 6, 8 ali kumanzere. Chithunzi chachikulu cha kusanduka chimayenera kukhala pa tsamba lakumanzere kuti munthu achione atatembenuza pepala. Ine ndinakonza bwinobwino, pa 7 mnyamata akugwira mutu, misana ikupindika, zala zikufupika, kabokosi komaliza ndi maso okha mumdima, ndipo fisi yense amatulukira pa 8. Koma masamba anga anali 18. Mkulu wa pa shopu ina yoprinta m'tauni sanandiimbire foni, anangowonjezera yekha masamba awiri opanda kanthu kuti akwane 20, limodzi kutsogolo lina kumapeto. Lakutsogololo linakankha zonse, 7 anakhala 8, 8 anakhala 9, ndiye ukatsegula pamenepo fisi ali kale pambali pa mnyamata, diso limathamangira kwa fisiyo usanawerenge nkomwe kuvutika kwa mwanayo. Mphwanga atawerenga anati, "Malume, ndinamuona kale fisiyo." Mtima unandiwawa chifukwa tsamba limenelo ndinalijambula usiku wambiri nditaweruka ku ntchito. Makope onse anali atamenyedwa kale stepula, ndalama ndinali nditapereka zonse, mkuluyo anangoti fayilo ndi yomwe munabweretsa.

Ndiye musanajambule nkomwe, tengani mapepala anayi a A4, apindeni pakati pamodzi, lembani manambala 1 mpaka 16 ngati mukuwerenga buku, ndipo pa tsamba lililonse lembani mawu awiri a zomwe zichitikepo. Mukawamasula muona kuti 16 wakhala ndi 1, kuseri kwake 2 ndi 15, awiri aliwonse oyandikana mukawaphatikiza akupereka 17. Kabuku kameneka mupite nako ku shopu, mukaike patebulo, ndipo munene poyera ngati chikuto mukuchiwerengera m'masamba 16 aja kapena chili pachokha. Auzeni aprinte kope imodzi yokha, muyipinde muwerenge pomwepo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ndalama perekani theka, zotsala mukatenga katundu. Akakana pitani kwina, mashopu ndi ambiri ku Braamfontein.

Zotsalazi nzosavuta. Ngati chithunzi chikufika m'mphepete mwa pepala chipitirizeni ndi 3mm kupyola mphepetemo yoti adulepo. Mkati mukhale mwakuda ndi moyera basi, mitundu pa chikuto pokha, mtengo umatsika kwambiri, ndipo fayilo ya chikutocho ikhale mu CMYK, mitundu imene makina oprinta amagwiritsa ntchito, apo ayi chofiira chituluka chofuwira. Stepula yaitali mukono mutha kubwereka nkumenya nokha kunyumba.

Kugulitsa yambani ku tchalitchi ndi pa magulu a WhatsApp, makope ena patsirani amene akukwera basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe. Comic Con Africa, chionetsero cha makomiki chimene chinayamba mu 2018 ku Kyalami, imakhala ndi malo a ojambula okha, koma tebulo limalipiridwa ndiye gawanani anthu awiri kapena atatu.