Mpweya wa m'maeyabagi a kumbuyo: chenjezo kwa amene mukukonzekera ulendo wa kumudzi

Pikapu yanga ili kuseri kwa nyumba ya amalume ku Matawale, ku Zomba, ndipo yakhala pamenepo chichokereni ine. Ndinabwerera ku Joni pa basi, nditanyamula kachikwama kamodzi ndi ngongole. Aliyense wodutsa pa nyumbapo amaona kuti pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi pali mpata wotseguka kumwamba woti dzanja lonse limalowamo, chifukwa chasisi inapindika. Ndikulemba izi kwa inu abale anga amene mwaikitsa kapena mukufuna kuikitsa maeyabagi kumbuyo kwa galimoto kuti munyamule katundu wa kumudzi. Sindikunena za maeyabagi a pa chiwongolero amene amafufuma pa ngozi, koma timatumba ta labala topopedwa mpweya timene amatimanga pakati pa ekiselo ya kumbuyo ndi chasisi kuti tithandize masipuling'i.

Amene anandipezera maeyabagiwo anali m'Malawi mnzathu, mmodzi wa madobadoba amene amazungulira m'magalaja a ku Joni kulumikiza anthu ndi amakaniko. Ananditengera ku galaja ina kumene anandimangira tsiku limodzi, ndipo potuluka anandigwira paphewa n'kunena kuti: "Achimwene, apa mwamaliza. Mukapopa 80 psi, mukhoza kukweza chilichonse, galimoto yanu yasanduka lole." Psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wopopedwa. Ndinamukhulupirira chifukwa ankayankhula chinenero changa ndipo ankadziwa mayina a midzi ya kwathu. Sanandipatse kabuku ka malangizo kamene kamabwera m'bokosi, ndipo nditafunsa anati kanatayidwa pamodzi ndi makatoni. Ndinakweza matayilosi a nyumba imene ndikumanga, firiji, jenereta ndi zovala za abale, ndinakoka kangolo kumbuyo, ndipo matayilosiwo, amene anali olemera kuposa zonse, ndinawaika kumapeto kwenikweni kwa bodi chifukwa ndiwo anafika mochedwa. Galimoto inaima mowongoka bwino, moti anzanga anaijambula zithunzi.

Inadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza popanda chodandaulitsa. Inadzagonja nditasiya tala, pa msewu wafumbi wa kwathu kumbali ya Mayaka, pa kachigwembe kamene madzi a mvula anakumba, kamene akabaza amadutsa osatsika n'komwe panjinga. Ndinamva kulira kumodzi kokha ngati chitseko chachitsulo chamenyetsedwa. Nditaimbira dobadoba uja anayamba wandiuza kuti ali mu mzere ku banki, kenako anasiya kuyankha. Eni galaja anandiyankha mwaulemu ndithu kuti maeyabagi awo sanaphulike ndipo akugwirabe ntchito, zomwe zinali zoona, ndi kuti chitsimikizo chawo sichikhudza galimoto imene yanyamula mopitirira muyezo. Mawu aja a "chilichonse" panalibe pamene analembedwa. Owotcherera a mu Zomba amene anaiona anati akhoza kuiwongola n'kuikapo zitsulo, koma mmodzi wachikulire anandiuza mosabisa kuti iye sangakwezemo ana ake.

Tsono mvetsani chinthu ichi, chifukwa ndicho chinandidyera galimoto: maeyabagi sawonjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa kulemera kumene galimoto yanu inaloledwa kunyamula. Opanga odziwika monga Firestone ndi Air Lift amalemba zimenezi momveka m'malangizo awo. Ntchito ya maeyabagi ndi kukweza kumbuyo kuti galimoto isakhale pansi ndipo nyali zisaloze kumwamba. Chasisi, ekiselo, mabuleki ndi matayala zimakhala zomwe zija. Muyezo weniweni uli pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa galimoto, kawirikawiri pa mphuthu ya chitseko, pamene palembedwa GVM, ndiko kulemera konse kololedwa galimoto ikadzaza. Mu nambala imeneyo muli galimoto yeniyeniyo, inuyo, akazi anu, ana, mafuta, kanopi ndi kulemera kumene ngolo ikutsamiritsa pa chokokera. Pikapu zambiri za zitseko zinayi zimaloledwa katundu wokwana pafupifupi tani imodzi kapena kucheperapo, choncho mukachotsa anthu asanu ndi kanopi, chotsala n'chochepa kuposa mmene ambirife timaganizira. Pitani pa sikelo musananyamuke, muyezetse ekiselo iliyonse payokha.

Chifukwa chimene chasisi imapindikira n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anathyolapo mzimbe pa bondo. Masipuling'i a mapale amagwira chasisi pa malo awiri otalikirana, kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, ndipo amagawa katundu pa malo onsewo. Eyabagi yopopedwa kwambiri imalanda ntchito ya masipuling'i n'kukankha chasisi pa malo amodzi, pamwamba pa ekiselo. Pamenepo eyabagi yasanduka bondo, injini ikukokera pansi kutsogolo, matayilosi ndi ngolo zikukokera pansi kumbuyo, ndipo chatsala ndi dzenje limodzi lokha. Katundu wolemera aziikidwa moyandikana ndi mutu wa galimoto, kutsogolo kwa ekiselo kapena pamwamba pake, ndipo kumapeto kwa bodi kuzikhala matiresi ndi mabulangete.

Kayezedwe ka mpweya pakokha ndi kapafupi. Galimoto ili yopanda katundu pa malo athyathyathya, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa tayala la kumbuyo kufika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse ziwiri, ndipo mulembe. Poperanitu mpweya pang'ono, kwezani katundu, kenako onjezerani pang'onopang'ono mukuyeza, ndipo mulekeze galimoto isanabwerere kwenikweni pa msinkhu woyamba uja. Kumbuyo kwa pikapu kunapangidwa kokwererapo ndithu kuti kukatsika ndi katundu kulingane ndi kutsogolo, choncho kutsika pang'ono ndi chizindikiro chakuti masipuling'i akugwirabe ntchito yawo. Wokuuzani mpweya woyenera ndi tepi, osati munthu amene watchula nambala asanaone n'komwe katundu wanu.

Malire ake ali motere pa mitundu yodziwika: maeyabagi a pa masipuling'i a mapale, monga Ride-Rite ndi LoadLifter 5000, amafuna mpweya wosachepera 5 psi ndi wosapitirira 100 psi, pamene olowetsedwa m'kati mwa masipuling'i ozungulira, monga Coil-Rite ndi Air Lift 1000, amalekezera pa 35 psi. Nambala ya 100 imeneyo ikunena za pamene labala angapirire, sikuti chasisi yanu ingapirirenso pomwepo. Ngati katundu wanu akufuna mpweya woyandikira malire kuti galimoto iwongoke, tsitsani katunduyo, mumutumize pa lole. Ndipo musalole mnyamata wa pamalo othirira mafuta kukupoperani. Mageji a kumeneko nthawi zambiri amawerenga mu bar kapena kPa, ndipo bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi, kutanthauza kuti 2.5 bar imene iye anazolowera kupopa m'matayala yadutsa kale malire a eyabagi ya 35 psi. Timatumbati ndi tating'ono, timadzaza m'kamphindi. Gulani geji yanuyanu yotha kuwerenga mpweya wochepa ndi pampu ya pamanja. Ngakhale ya njinga imakwanira.

Kwawirani pansi pa galimoto muone mmene anakumangirani mapaipi. Anga anawalumikiza onse awiri ku vavu imodzi, ati pofuna kundichepetsera ntchito. Zikatero, galimoto ikamakhota mpweya umathawa mbali imene yapanikizika n'kupita mbali inayo, ndipo galimoto imapendama kwambiri m'malo molimba. Ndinkazimva m'makona a pakati pa Zobue ndi Mwanza koma ndinkati ndi kutopa. Uzani makaniko kuti eyabagi iliyonse ikhale ndi paipi ndi vavu yakeyake, ndipo paipiyo italikirane ndi ekizozi. Thirani madzi a sopo pa zolumikizira zonse, muone ngati pakutuluka thovu.

Pali chinanso chimene palibe anandiuza, ndinachimva kwa makaniko wa ku Chinamwali galimoto itawonongeka kale. Pikapu zambiri zakale zili ndi kavavu ka mabuleki kolumikizidwa ku ekiselo ndi kachitsulo, kamene kamaonjezera mphamvu ya mabuleki a kumbuyo bodi ikatsika ndi katundu. Mukakweza bodiyo ndi mpweya, kavavuko kamaona ngati galimoto ilibe kanthu, ndipo mabuleki a kumbuyo amagwira mofooka pamene mwanyamula kwambiri. Ganizirani zimenezi mukutsetsereka kuchokera ku Mwanza kulowera ku Shire, kapena mukutsika ku Chawe mutatengako abale kokaona malo. Funsani makaniko wodziwa ngati galimoto yanu ili nako, musanafike pa chitsikira.

Matayala nawo ali ndi malire awo olembedwa m'mbali mwake. Mwachitsanzo nambala 112 ikutanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi litapopedwa mokwanira, ndipo kutentha kwa ku Tete sikukhululukira tayala lolemedwa. Yezani matayala ndi maeyabagi m'mawa uliwonse musananyamuke, galimoto itazizira ndipo ili pa malo olingana.

Mukafika kumudzi n'kutsitsa katundu, phwetsani maeyabagi tsiku lomwelo. Ndaonapo anzathu akuyenda mu Zomba mwezi wonse wa Disembala kumbuyo kuli m'mwamba ngati tambala, galimoto ikudumpha pa bampu iliyonse ndi kutaya kumbuyo pa miyala ya mu msewu wafumbi. Koma musaphwetse mpaka kutheratu: siyanimo 5 psi kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa eyabagi yopanda mpweya imapinda, imakhulana ndi chitsulo n'kubooka. Ndipo ngati makaniko wa kumudzi akufuna kukweza galimoto pogwira chasisi kuti ekiselo ilendewere, muuzeni ayambe watulutsa mpweya, kenako mudzapopenso galimoto ikabwerera pansi. Kabuku ka malangizo kaja muzikasunga m'galimoto, ndipo ngati okumangirani akuti kanatayika, musalipire mpaka atakapeza.