Momwe mungayendere ku Amritsar, mzinda wopatulika wa Asikh

Amalawi ambiri amene amapita ku India amapitira chipatala, sukulu kapena kukapikula katundu, ndipo ulendo wawo umathera ku Delhi kapena ku Mumbai. Ngati mwayi woterewu wakugwerani ndipo mwatsala ndi masiku awiri, ndikukupemphani kuti mukafike ku Amritsar, m'chigawo cha Punjab, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo. Kumeneko kuli Harmandir Sahib, kachisi wokutidwa ndi golide amene Asikh amamulemekeza kuposa malo awo onse. Simufunika kukhala Msikh kuti mulowemo, ndipo palibe amene adzakulipiritseni pakhomo. Chomwe chimafunika ndi kudziwa mwambo wake, kuti mukafike ngati mlendo wolemekeza eni mudzi.

Asikh si achilendo kwenikweni kwa ife. M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda la Harry Johnston linabweretsa kuno asilikali a Chisikh kuchokera ku India, amuna a ndevu ndi nduwira kumutu. Chipembedzo chawo chinayamba ndi Guru Nanak, amene anabadwa mu 1469 ndipo ankaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo anthu onse ndi ofanana pamaso pake. Mzinda wa Amritsar anauyambitsa ndi Guru Ram Das, mphunzitsi wawo wachinayi, cha m'ma 1570. Iye anakumbitsa dziwe lalikulu lotchedwa Amrit Sarovar, ndipo dzina la mzindawu linachokera padziweli.

Yambani ndi kusankha nyengo

Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi. M'miyezi ya Meyi ndi Juni kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo poti m'kachisimo mumayenda opanda nsapato, mapazi amavutika ngakhale amayala timikeka panjira. Disembala ndi Januwale kumazizira kwambiri, komanso chifunga chimachedwetsa sitima ndi ndege, choncho musaike ulendo wobwerera ku Delhi tsiku lomwelo limene mukukwera ndege yobwerera kwanu. Pa zikondwerero monga Baisakhi, pa 13 kapena 14 Epulo, ndi chokumbukira kubadwa kwa Guru Nanak cha mu Novembala, kachisiyo amakongola kwambiri koma anthu amachita kuthithikana.

Mapepala ndi njira

Muyenera kukhala ndi viza ya India. Mutha kufunsira pa intaneti, pa tsamba la boma la India lenilenilo, kapena kupita ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe. Ngati mukudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, tengani khadi lanu la katemera wa yellow fever, chifukwa India imakhwimitsa lamulo limeneli kwa anthu odzera m'mayiko omwe kuli matendawa.

Kuchokera ku Delhi, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 450. Sitima yothamanga ya Shatabdi imayenda maola pafupifupi 6 kuchokera pa siteshoni ya New Delhi, ndipo tikiti mugule masiku angapo ulendo usanafike. Ndege imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ine ndimakonda sitima, chifukwa pazenera mumaona minda ya tirigu ndi mpunga ya ku Punjab, yothirira, yopanda malire, zimene mlimi aliyense wa kwathu angaimire pakamwa pali yasa.

Pezani malo ogona apafupi, oti mutha kuyenda wapansi kukafika kukachisi. Izi n'zofunika chifukwa nthawi yabwino yokaonako ndi usiku ndi m'bandakucha. Mahotela ang'onoang'ono alipo ambiri m'misewu yozungulira, ndipo oyang'anira kachisi alinso ndi nyumba zogonamo alendo. Mukakwera tinjinga tamoto ta matayala atatu, gwirizanani mtengo musanakwere.

Musanalowe

Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Fodya wa mtundu uliwonse, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo siziloledwa m'malo onsewo, ngakhale zili m'thumba. Kwa Asikh fodya ndi chinthu chonyansa kwambiri, choncho ndudu ndi machesi zisiyeni kuhotela. Valani zovala zobisa mapewa ndi mawondo.

Kenako pitani pamalo osungira nsapato, amene iwo amawatchula kuti jora ghar. Vulani nsapato ndi masokosi omwe, perekani pawindo, ndipo adzakupatsani kachitsulo ka nambala. Kasungeni bwino. Salipiritsa, ndipo amene akulandira nsapato zanu zafumbizo ndi munthu wongodzipereka, mwina dokotala kapena mwini sitolo amene wabwera kudzatumikira kwa maola ochepa.

Phimbani mutu, kaya ndinu bambo kapena mayi. Amayi, duku kapena mpango wanu ukwanira. Abambo, musadalire kapu: mangani kansalu kumutu. Tinsalu timeneti timakhala m'madengu pakhomo, taulere, ndipo ena amagulitsa m'misewu pamtengo wochepa. Sambani m'manja pampopi, kenako pondani m'kangalande ka madzi osaya kamene kali pakhomo kuti mapazi ayere. Mukafuna kupereka moni, nenani kuti "Sat Sri Akal" mutagwirizanitsa manja pachifuwa.

Kuzungulira dziwe

Mudzadabwa kuti polowa mukutsika masitepe m'malo mokwera. Guru Arjan, mphunzitsi wachisanu amene anamangitsa kachisiyu, anamuika pamalo otsika kuti wolowa azidzichepetsa, ndipo anamupatsa makomo anayi, kumbali zonse, kusonyeza kuti munthu wa mtundu uliwonse ndi wolandiridwa. Mu 1604 anaikamo buku lawo lopatulika. Golide amene mukumuonayo anabwera pambuyo pake, cha m'ma 1830, mu ulamuliro wa Maharaja Ranjit Singh, mfumu ya Asikh.

Mukatsika, khoterani kumanzere ndi kuyenda mozungulira dziwe, madzi ali kudzanja lanu lamanja. Musathamange. Nyimbo zotamanda Mulungu zimamveka pazokuzira mawu tsiku lonse, zoimbidwa pompo m'kachisimo. Mudzaona abambo akudziviika m'madzi atagwira unyolo wa m'mphepete, agogo atatsamira chipilala milomo ikuyenda, nsomba zikuluzikulu zikusambira pafupi ndi masitepe. Mukafuna kukhala m'mphepete mwa dziwe, pindani miyendo. Musaviike mapazi m'madzi ngati muli kunyanja, ndipo musaloze mapazi kukachisi. Alonda ovala mikanjo, onyamula mikondo, adzakudzudzulani mwaulemu mukaiwala.

Kachisi weniweniyo ali pakati pa madzi, ndipo mumakafikako podutsa pa mlatho woyambira pachipata chotchedwa Darshani Deori. Mzere wake ukhoza kukutengerani ola limodzi kapena awiri, makamaka Lamlungu. Imani ndithu. M'katimo musajambule. Mudzaona buku lopatulika, Guru Granth Sahib, la masamba 1,430, lili pampando pansi pa nsalu zokongola, munthu akulikupizira. Asikh salitenga ngati buku wamba: kuyambira 1708, pamene Guru Gobind Singh, mphunzitsi wa khumi, anatero, bukuli ndilo Guru wawo wamoyo. Simukakamizidwa kugwada, koma imani mwaulemu ndipo musatsekereze ena. Potuluka adzakupatsani karah parshad, chakudya chofewa chotsekemera cha ufa watirigu, shuga ndi mafuta a mkaka. Landirani ndi manja awiri, monga tinaphunzitsidwira kwathu polandira kanthu kwa akulu, ndipo musachitaye pansi.

Moyang'anana ndi chipata chija pali Akal Takht, likulu la ulamuliro wa Asikh, limene anayambitsa Guru Hargobind mu 1606. Nyumbayi inawonongeka kwambiri mu Juni 1984 pamene asilikali a boma la India analowa m'malowa kukalimbana ndi gulu la zida lomwe linali m'katimo, ndipo anthu ambiri anafa. Bala limeneli silinapole m'mitima ya Asikh. Musaiyambe nkhaniyi mwachibwana ndi munthu amene mwangokumana naye.

Kadyeni ku langar

Musachoke musanadye, ngakhale mutakhala kuti mwakhuta. Langar ndi khitchini ya onse, yaulere, yotsegula usana ndi usiku, ndipo imadyetsa anthu masauzande makumi angapo tsiku lililonse. Pakhomo wina akupatsani mbale yachitsulo, wina kambale ka madzi, wina supuni. Mukalowa m'holo, khalani pansi pamkeka, m'mizere, pafupi ndi aliyense amene mwapezana naye. Palibe tebulo la mabwana. Wolemera ndi wopemphetsa amakhala phewa ndi phewa, ndipo cholinga chake n'chimenecho.

Operekera chakudya amadutsa ndi ndowa: mphodza, ndiwo zamasamba, nthawi zina phala la mpunga lamkaka. Nyama kulibe. Wa chapati akafika, tambasulani manja onse awiri, iye aponyamo chapati chotentha. Mukatambasula dzanja limodzi, angakudikireni mpaka mutakonza. Tengani chimene mungamalize, poti akubweranso. Mukatha, nyamulani mbale yanu mupereke kwa otsuka, ndipo mudzamva phokoso la mbale zachitsulo zikugundana ngati mvula padenga la malata.

Kenako chitani chimene alendo ambiri amachiphonya: khalani pansi pagulu la osenda adyo ndi anyezi, kapena imani pamzere wa otsuka mbale. Utumiki umenewu amautcha seva. Simufunika chilolezo kapena chinenero. Wina adzakusunthirani, n'kukupatsani mpeni. Amene anakulira pa zophikaphika za pamaliro ndi paukwati kwathu sadzaona chachilendo, kupatula kuti kuno moto wake suzima chaka chonse. Ngati mukufuna kuperekapo ndalama, ponyani m'bokosi kapena perekani pa ofesi yopereka lisiti.

Usiku, ndi tsiku lachiwiri

Bwereraninso usiku, cha m'ma 9 koloko, mudikire mwambo wa Palki Sahib. Buku lopatulika amalinyamula pa machira agolide okongoletsedwa ndi maluwa, malipenga ndi ng'oma zikulira, kupita nalo ku Akal Takht kuti likagone. M'bandakucha, cha m'ma 4 kapena 5 koloko malinga ndi nyengo, amalibweretsanso. Funsani alonda nthawi yeniyeni ya tsikulo.

Tsiku lachiwiri yendani mphindi zochepa kukafika ku Jallianwala Bagh. Pa 13 Epulo 1919, asilikali olamulidwa ndi Reginald Dyer anawombera khamu la anthu opanda zida m'bwalo lotchingidwa ndi makoma. Boma la atsamunda linati anafa ndi anthu 379, pamene Amwenye anawerengera pafupifupi 1,000. Mabowo a zipolopolo akuonekabe pakhoma, ndipo chitsime chimene anthu ankadumphiramo pothawa chilipo. Chapafupi, mu Town Hall, muli Partition Museum, yofotokoza za kugawidwa kwa India ndi Pakistan mu 1947, kumene kunadula Punjab pakati.

Madzulo mutha kupita ku Attari, makilomita pafupifupi 30, kukaona asilikali a India ndi Pakistan akutsitsa mbendera pamalire dzuwa likamalowa. Nyamukani masana, tengani pasipoti, chikwama musiye kuhotela chifukwa salola kulowa nacho. Koma ngati thupi latopa ndipo muyenera kusankha chimodzi, gonani msanga, tcherani alamu ya 3:30, mukakhale m'mphepete mwa dziwe pamene akulibweretsa buku lija. Tengani juzi, miyala ya pansi imazizira nthawi imeneyo.